Chifu chikachepetsedwa, mumwe chiyani? Madzi, mkaka, maheu, Mazoe ndi zina tikaziika pasikelo

Tsiku lomwe achemwali anga anatuluka m'chipatala atachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu kuti thupi litsike, tebulo lathu ku Mufakose, lokeshoni ya mu Harare, linadzaza ndi mabotolo. Amayi akumpingo anabwera ndi Mazoe wa malita 2, apongozi awo anatumiza maheu m'chigubu, mnansi wina anabweretsa Cascade, chakumwa cha zipatso chosakaniza ndi mkaka, ndipo amalume, omwe amakhulupirira kuti palibe matenda osamva Fanta, anafika atanyamula mabotolo 6. Onse anabwera ndi mtima umodzi. Koma pa zonse zinali patebulopo, panalibe n'chimodzi chomwe chimene wodwalayo akanamwa. Iwo anachoka kuchipatala ndi kakapu kapulasitiki ka 30 ml, kofanana ndi ka pa Mgonero, ndi pepala la malangizo lochokera kwa katswiri wa zakudya.

Ine ndi amene ndinawasamalira miyezi yoyambirira, choncho ndinaphunzira mokakamizidwa kusiyanitsa zakumwa zomwe timazipeza kuno ku Harare. Pepala lomwe dokotala wanu wakupatsani ndilo lamulo, chifukwa iye ndi amene akudziwa mmene anasokera. Zomwe ndikulemba pano n'zothandiza kulimasulira pepalalo mukaima m'sitolo ya OK kapena pamsika wa Mbare Musika, pomwe palibe chinthu cholembedwa kuti "cha anthu a opaleshoni".

Achemwali anachitidwa opaleshoni yotchedwa sleeve. Madokotala amadula n'kuchotsa pafupifupi magawo 75 mpaka 80 pa 100 a chifu, chotsalacho n'kukhala chowonda ngati nthochi. Opaleshoni ina yofala ndi bypass: amasiya kathumba kosaposa dzira la nkhuku, n'kukalumikiza kumatumbo, kotero chakudya chimalambalala chifu chotsala ndi chiyambi cha matumbo. Zonse ziwiri zimasiya malo ochepa kwambiri, ndipo masabata oyamba malowo amakhala otupa, misoko isanapole. N'chifukwa chake zipatala zambiri zimayambitsa munthu ndi zamadzi zoonekera mkati ngati madzi kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako zamadzi zokhathamirako monga mkaka kwa masabata pafupifupi awiri, asanafike pa zophwanyaphwanya ndi zofewa.

Ife okulira m'malokeshoni timadziwa za chipinda chimodzi cha lendi: simulowetsamo aliyense, wolowa azilipira. Chifu chatsopanochi chili chimodzimodzi, ndipo lendi yake ndi ya mitundu iwiri yokha, madzi ndi mapuloteni. Munthu amafunika madzi okwana malita 1.5 mpaka 2 patsiku, ndi mapuloteni osachepera magalamu 60, ena amauzidwa 80. Chakumwa chosabweretsa chimodzi mwa ziwirizi chikungodya malo. Muwerenge nokha: malita 1.5 ndi tikapu 50 ta 30 ml. Kumwa kakapu kamodzi mphindi 15 zilizonse kumakupatsani 120 ml pa ola, ndiye kuti mufunika maola oposa 12 osadumphitsa. Kugugudiza kapu yonse madzulo kuti mubweze zomwe munaiwala masana sikutheka, zimabwerera momwe zinalowera.

Madzi, ndi funso la kuno la madzi ake ati

Madzi ndiwo oyamba, palibe wotsutsa. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri akachitidwa opaleshoniyi madzi wamba amawalemera. Achemwali ankati akamwa amamva ngati ameza mwala, nseru n'kuyamba. Tinayesa ozizira kwambiri, zinakanika. Ofunda ndiwo anatsika bwino, makamaka tikaponyamo kachidutswa ka ndimu kapena jinja. Ena zimawayendera mosiyana, amafuna a mufiriji. Muyese zonse musananene kuti madzi akukanani.

Mapepala ochokera kuzipatala za ku Johannesburg, ku India kapena ku Turkey, komwe ena mwa ife amakachitidwira opaleshoni, amangoti imwani madzi. Sadziwa kuti kuno mpopi ukhoza kukhala wouma masiku angapo, ndipo ambiri timatunga pamjigo kapena pachitsime chakuseri kwa nyumba. Kolera wa mu 2008 ndi 2009 anapha anthu oposa 4,000 muno mu Zimbabwe, ndipo wa mu 2018 anavuta kwambiri ku Glen View ndi ku Budiriro. Munthu wa chifu chathunthu akatsegula m'mimba amatha kumwa malita angapo n'kubwezeretsa zotayika. Wakumwa 30 ml nthawi imodzi sangathamangitsane ndi madzi omwe akutuluka, amathera pa diripu.

Ndiye pali njira zitatu. Madzi a m'botolo ogula ndi osavuta, koma malita awiri tsiku lililonse kwa miyezi amaboola thumba. Othira WaterGuard kapena Aquatabs ndi otchipa ndipo ndi otetezeka mukatsata muyezo, kungoti fungo la klorini limautsa nseru kwa munthu yemwe lilime lake lasintha, ndipo kusintha kwa kakomedwe ka zinthu n'kofala pambuyo pa opaleshoniyi. Ife tinakhazikika pa owiritsa. Tinkawiritsa m'mawa magetsi akadalipo, n'kuthira m'fulasiki, ena m'botolo lomwe tinalemba mizere ya maola ndi cholembera kuti tiziona ngati tikutsalira. Botolo limenelo linkakwera nawo minibasi, kupita nawo kutchalitchi, kugona nawo pambali pa bedi. Mu Okutobala, Harare ikatentha mvula isanagwe, tinkaonjezera.

Mkaka ndi abale ake, ndi mlendo mmodzi wodzibisa pakati pawo

Pa zakumwa zonse zopezeka mosavuta, mkaka ndiwo umalipira lendi yonse iwiri. Kapu ya 250 ml ili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 8, komanso imawerengedwa pa madzi a tsikulo. Sankhani wochepa mafuta ngati ulipo. Pakati pa mkaka wa m'firiji ndi wa m'bokosi wokhalitsa monga Chimombe, mapuloteni ndi ofanana. Kusiyana kuli pa magetsi. Wa m'bokosi umadikira pashelefu mpaka mutautsegula, koma ukangotsegulidwa nawonso umafuna kuzizira. Kwa munthu womaliza kapu imodzi m'maola awiri, tipaketi ting'onoting'ono n'tanzeru kuposa lita yathunthu yomwe idzasasa magetsi akathima tsiku lonse.

Magalamu 8 pa kapu sakwana kufikitsa munthu pa 60. Njira yotchipa yomwe katswiri wa zakudya anatiphunzitsa ndi kulimbitsa mkaka ndi mkaka waufa wochotsedwa mafuta. Ufa umenewu pafupifupi gawo limodzi mwa atatu ndi mapuloteni okhaokha, choncho masupuni aakulu anayi osungunula mu theka la lita amaonjezera magalamu pafupifupi 10 popanda kuonjezera kuchuluka kwa chomwera. Pamene malo ali ochepa, phindu lake ndi limeneli.

Apa ndipo pamabisala mlendo uja. Cremora si mkaka. M'nyumba zambiri kuno, munthu akati tiyi wamkaka amatanthauza tiyi wa Cremora, ndipo ine ndinakula ndikuganiza kuti ndi mkaka waufa basi. Tembenuzani paketi muwerenge: ndi mafuta a zomera ndi shuga wa glucose, mapuloteni ake ndi osaoneka n'komwe. Sabata yoyamba mwana wa achemwali anawakonzera kapu ya Cremora akuganiza kuti akuwalimbitsa thupi. Palibe choipa chinachitika, koma ola lathunthu linapita pa chakumwa choyera chopanda kanthu.

Ena mkaka umayamba kuwavuta pambuyo pa opaleshoni, makamaka a bypass: mimba kulira, mpweya, kutsegula. Ndi shuga wachilengedwe wa mumkaka, lactose, yemwe akufika m'matumbo mwachangu kuposa kale. Musathamangire kusiya zonse za mkaka. Lacto, yemwe kwathu ku Malawi timati chambiko, ndi yogati wosathira shuga zimakhala zitachepako lactose chifukwa cha kusasa, ndipo ambiri amazilandira bwino. Lacto ngwokhathamira, choncho poyamba muzimusungunula ndi madzi owiritsa n'kutakasa mpaka mabuluma atha. Yogati wa zipatso ndi womwera wa m'timabotolo nthawi zambiri amakhala ndi shuga wochuluka, si m'gulu limeneli. Mkaka wa soya wosatsekemera uli ndi mapuloteni oyandikira a mkaka wa ng'ombe ndipo ulibe lactose. Wa mpunga, wa oats kapena wa amondi uli ndi dzina lokha la mkaka, mapuloteni ake ndi ochepa zedi.

Nanga ufa wa mapuloteni wa whey, womwe amagula anyamata a kujimu? Kunena zoona, pa kachulukidwe palibe choupambana: kamuyezo kamodzi ka magalamu 30 kamapereka mapuloteni 20 mpaka 25, ndipo mtundu wa isolate uli ndi lactose wochepa kwambiri. Vuto ndi mtengo wake wa madola, komanso kuti pashelefu umakhala pafupi ndi zitini zolembedwa mass gainer, zomwe ntchito yake ndi kunenepetsa ndipo ndi zodzaza ndi shuga. Mukalakwitsa chitini mwagula chosemphana ndi chomwe munalipirira opaleshoni. Maganizo anga ndi awa: ngati ndalama ilipo ya chitini chimodzi, igwiritseni ntchito mwezi woyamba pomwe simungatafune kanthu. Mazira, nsomba ndi nyemba zikayamba kulowa, mkaka wolimbitsa uja ukwanira.

Maheu ndi thobwa: apa ndi pomwe tinakangana

Palibe m'bale yemwe anadandaula titakana Fanta. Koma titakana maheu, nkhani inafika mpaka kwa akuluakulu. "Mwana wanga," anatero apongozi awo a achemwali, "munthu wosadya nsima amakhalira maheu. Ife tinachira nawo amenewa pobereka. Mukufuna afe ndi njala?" Sankanama. Kwa ife thobwa, kapena maheu monga amanenera anzathu achishona, ndi chakudya cha wodwala, cha mlimi kumunda, cha mayi woyamwitsa. Kulikana kuli ngati kukana dzanja la wokupatsa.

Komabe tiyeni tiliyese ndi muyezo womwewu. Thobwa ndi phala la ufa wa chimanga lothira chimera cha mawere kapena mapira. Chimera chimaphwanya ufawo kukhala shuga, n'chifukwa chake limatsekemera ngakhale musanathire kanthu, ndipo ambiri timathiranso masupuni angapo pamwamba. Mapuloteni ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mkaka. Lili ndi timisere ta chimera, tomwe timakoma kutafuna koma sitifunika pa msoko wosapola. Likagona masiku awiri kapena atatu limayamba kuwira, kutulutsa mpweya, ndipo likapitirira limalowera ku mowa. Maheu a m'sitolo monga Pfuko kapena Shumba ndi osalala, alibe misere yambiri, koma ndi othiridwa shuga, ndipo botolo limodzi lili ndi mphamvu zofanana ndi kachakudya.

Chinthu chomwe chimapangitsa thobwa kukhala labwino kwa mlimi ndi chomwecho chimalipangitsa kukhala loopsa kwa wa opaleshoni: limalowa mosavuta ndipo limanyamula mphamvu zambiri. Opaleshoni imaletsa munthu kudya mbale yaikulu ya nsima, koma siletsa zamadzimadzi kudutsa pang'onopang'ono tsiku lonse. Munthu akhoza kumaliza lita ya maheu kuyambira m'mawa mpaka madzulo osamva kukhuta, miyezi n'kumapita sikelo osasuntha, iye n'kumati madokotala anamubera. Kubwerera kwa thupi pambuyo pa chaka kapena ziwiri kumatha kulowera pakhomo limeneli, la zakumwa zotsekemera.

Ndiye tinagwirizana chotere. Masabata oyamba, ayi. Zofewa zitayamba kulowa ndipo katswiri wa zakudya atavomera, thobwa la tsiku lomwelo, losefa, losathira shuga, theka la kapu, ndipo liziwerengedwa ngati chakudya osati madzi ophera ludzu. Amene akufunadi chinthu chonga phala chomwa, phala lamadzimadzi la ufa wosakaniza ndi soya, longa Likuni Phala lomwe abale amatibweretsera pabasi, lophikira mumkaka n'kusefa, limaposa thobwa kutali pa mapuloteni.

Mazoe, juwisi, Cascade ndi mafiriziti

Kuti mumvetse chifukwa chake shuga amaopedwa chonchi, mudziwe za dumping syndrome. Chifu chathunthu chili ndi kachitseko kumunsi komwe kamatulutsa chakudya pang'onopang'ono. Pa bypass kachitsekoko kamalambalalidwa, pa sleeve kalipo koma zinthu zimadutsa mofulumira. Chakumwa cha shuga wambiri chikakhuthukira m'matumbo nthawi imodzi chimakoka madzi kuchokera m'magazi, ndipo pakatha mphindi 10 mpaka 30 munthu amatuluka thukuta, mtima kugunda, mimba kupotokola, chizungulire, kenako kuthamangira kuchimbudzi. Palinso mtundu wochedwa, wobwera pakatha ola limodzi mpaka atatu: thupi limatulutsa insulin wochuluka, shuga wa m'magazi n'kutsika kwambiri, munthu kuyamba kunjenjemera ndi kusokonezeka. Zimachitika kwambiri kwa a bypass, koma a sleeve asadzinamize. Achemwali zinawapeza pa ukwati wina ku Highfield atamwa theka la kapu ya juwisi, ndipo anathera phwando atagona pampando wakumbuyo wa galimoto, nsapato atavula.

Mazoe ndi wa m'nyumba iliyonse ndipo timamuona ngati madzi a malalanje, koma ndi manyuchi a shuga. Wosungunula mwa nthawi zonse, gawo limodzi pa magawo anayi a madzi, amatsekemerabe kwambiri kwa chifu chotere. Juwisi wolembedwa 100% sapulumutsa: wa malalanje kapena maapulo amakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 9 mpaka 11 pa 100 ml, osasiyana kwenikweni ndi Coca-Cola, ngakhale shugayo ndi wa chipatso. Cascade amanyenga chifukwa ali ndi maonekedwe a mkaka, koma mapuloteni ake sangafanane ndi a mkaka weniweni ndipo shuga ndiye wochuluka. Mafiriziti ndi madzi, shuga ndi utoto. Madzi a malambe, omwe kuno amati mawuyu, ogulitsa amawathira shuga wambiri kuti aphe kuwawasa. Opanga nokha kunyumba osathira kanthu, osungunula kwambiri, ndi abwinoko misoko ikapola, ngati sakuyambitsani chilungulira.

Kuyambira mu 2024 boma linaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa, ndipo pamashelefu mumapezeka mitundu yambiri yolembedwa light kapena no added sugar. Musakhulupirire mawu a kutsogolo kwa botolo. Tembenuzani, pezani mzere wa shuga pa 100 ml, ndipo pa zosungunula onani ngati nambalayo ndi ya chosungunula kale kapena ayi. Achemwali anapatsidwa malire a magalamu 5 pa 100 ml, zipatala zina zimaika otsikirapo. Zosungunula zopanda shuga n'zololedwa m'malangizo ambiri, ndipo madontho ochepa m'botolo la madzi amathandiza munthu yemwe madzi wamba akumukana. Kwa ine imeneyo ndiyo ntchito yake yokha.

Za mpweya sindichedwapo

Coca-Cola, Fanta, Pepsi, ngakhale Coke Zero ndi soda water: zonse kunja. Za shuga zili ndi milandu iwiri, zopanda shuga zili ndi umodzi, koma umodziwo ngwokwanira. Mpweya ukatupa m'chifu chonga nthochi umapweteka mpaka pachifuwa ndi kumsana, umayambitsa chilungulira, ndipo umadzaza malo oyenera madzi ndi mkaka. Madokotala ambiri amaletsa kwa miyezi ingapo, ena amati moyo wonse. Zopatsa mphamvu za m'zitini monga Dragon zimaphatikiza mpweya, shuga ndi caffeine m'chitini chimodzi. Pa chifukwa chomwechi cha mpweya, ambiri amauzidwa kusiya kumwera kapaipi masabata oyamba.

Tiyi wa Tanganda, khofi ndi rooibos

M'nyumba ya Mmalawi tsiku siliyamba popanda tiyi, ndipo apa mpovuta. Zipatala zambiri zimaletsa caffeine mwezi woyamba, chifukwa amatha kuutsa asidi m'chifu chomwe chikupola, komanso amakodzetsa munthu yemwe akuvutika kale kupeza madzi okwanira. Pambuyo pake kapu imodzi kapena ziwiri sizivuta kwa ambiri. Koma pali nkhani ina yosatha ndi mwezi umodzi. Tiyi wakuda ali ndi tannin, yemwe amachepetsa ayironi wolowa m'thupi, ndipo kuchepa kwa magazi ndi limodzi mwa mavuto ofala pambuyo pa opaleshoniyi, makamaka kwa amayi omwe akusambabe. Choncho piritsi la ayironi musamwere tiyi, musamwerenso mkaka, chifukwa kashiamu naye amalimbana nalo. Siyanitsani ndi maola awiri.

Rooibos, wochokera kumapiri a Cederberg ku South Africa, alibe caffeine ndipo tannin wake ndi wochepa. Amapezeka m'sitolo iliyonse, amakoma wofunda ndi wozizira, amalandira mkaka bwino. Kwa achemwali ndiye anakhala chakumwa chachikulu cha miyezi itatu yoyamba: rooibos wothira mkaka wolimbitsa uja, wopanda shuga, m'fulasiki. Pa zonse ndayerekeza pano, ameneyu ndiye ndingamuike patsogolo pamodzi ndi madzi owiritsa, chifukwa amalipira lendi yonse, ngwotchipa, ndipo alendo akabwera munthu amakhala ndi kapu m'manja ngati anzake. Sabata yoyamba ankadandaula kuti tiyi wopanda shuga ndi chilango. Pano wa masupuni atatu omwe ankamwa kale amawachititsa nseru.

Zumbani, tiyi wa masamba akutchire yemwe aliyense kuno anamudziwa nthawi ya Covid, ndi masamba ena owiritsa omwe achibale amabwera nawo, mufunse dokotala kaye, makamaka ngati mukumwa mankhwala a shuga, a BP kapena oletsa magazi kuundana. Matiyi ochepetsa thupi ogulitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook, ambiri ndi otsegula m'mimba, ndipo ndanena kale chomwe kutsegula m'mimba kumachita kwa munthu wotere.

Msuzi ndi madzi a mchere ndi shuga

Msuzi wa nkhuku yachikuda, wosefa, woengula mafuta, wopanda tsabola, ndi mpumulo waukulu kwa munthu wotopa ndi zamkaka. Umabwezeretsa mchere ndipo umatsika bwino. Kungoti musauwerengere pa mapuloteni: mphamvu yatsala m'nyama yomwe mwasefa. Gawo la zokhathamira likafika, mukhoza kugaya nyamayo kapena nyemba zophika kwambiri mumsuzi momwemo n'kusefa. Supu wa m'mapaketi ndi mchere ndi ufa, ngwa tsiku losowa pogwira.

Nanga tsiku lomwe munthu wasanza kapena watsegula m'mimba? Kuno tonse tinaphunzitsidwa kusakaniza masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere m'botolo la 750 ml la madzi oyera. Ena amaopa kuti shugayo ayambitsa dumping. Muwerenge: ndi magalamu pafupifupi 3 pa 100 ml, gawo limodzi mwa atatu la wa mu Coca-Cola. Paketi ya ORS ya kufamase, yonga Thanzi yomwe timaidziwa ku Malawi, ili ndi wocheperapo, magalamu 13.5 pa lita, ndipo muyezo wake sulakwika. Sungani mapaketi awiri m'nyumba. Koma ORS si wolowa m'malo mwa chipatala. Mkodzo ukakhala wofiirira ndi wochepa, mutu kuwawa, chizungulire poimirira, kapena tsiku lathunthu ladutsa munthu osafika ngakhale lita imodzi, imbani foni kwa dokotala. Kusowa madzi m'thupi ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zobwezera anthu a opaleshoniyi m'chipatala mwezi woyamba. Kusanza kosalekeza kwa masiku angapo kumathanso vitamini B1, ndipo kusowa kwake kumaononga ubongo ndi mitsempha. Kutentha thupi, mtima kuthamanga ndi ululu wopita kuphewa lamanzere masabata oyamba zikhoza kutanthauza kuti msoko ukudontha. Zimenezo si za kudikira kuti kuche.

Mowa

Chibuku, Castle, Zambezi, vinyo, kachasu, onse ali m'gulu limodzi. Malangizo ofala ndi kusamwa konse kwa miyezi 6 mpaka 12, ndipo madokotala ena amati musabwererenso. Mowa umadutsa m'chifu chaching'ono mofulumira n'kulowa m'magazi m'mphindi zochepa, kotero botolo limodzi limaledzeretsa ngati awiri kapena atatu a kale, makamaka kwa a bypass. Munthu yemwe ankayendetsa galimoto atamwa awiri akhoza kupezeka wapyola malire ndi limodzi. Umatsitsa shuga wa m'magazi, umakanda pamsoko n'kuyambitsa zilonda, umalemetsa chiwindi chomwe chili kale pantchito yaikulu thupi likamatsika mofulumira. Madokotala aonanso kuti anthu ena amagwa m'uchidakwa chaka chachiwiri pambuyo pa bypass, ngakhale omwe kale ankangolawa. Masese amanyenga abambo ambiri omwe amati ndi chakudya. Ali ndi milandu yonse ya thobwa, kuonjezapo mowa, ndipo Chibuku Super ali ndi mpweya wothira dala.

Nthawi yomwera

Chakumwa chabwino chimasanduka choipa mukachimwera pa nthawi yolakwika. Chakudya chikayamba kulowa, lamulo ndi kusiya kumwa pafupifupi mphindi 30 musanadye, osamwa pakudya, n'kudikira mphindi zina 30 mutatha. Mukamwa musanadye, malo adzadza. Mukamwera chakudya, mwina musanza, mwina madziwo akankhira chakudya m'matumbo msanga, njala n'kubwerera ola lisanathe. Kwa ife ozolowera kapu ya madzi pambali pa mbale ya nsima, ichi ndi chizolowezi chovuta kuchithyola kuposa kusiya Fanta. Ife tinangochotsa makapu onse patebulo, banja lonse, kwa miyezi iwiri.

Za kusala kudya, kaya ndi Ramadan kwa abale athu achisilamu omwe ndi ambiri pakati pa a kwathu kuno, kaya kusala kwa kumpingo kosamwa ndi madzi omwe: chaka choyamba madokotala ambiri amaletsa, chifukwa munthu sangabweze madzi a tsiku lonse m'maola ochepa a usiku. Mukambirane ndi dokotala komanso shehe kapena abusa anu nthawi isanafike.

Chomwe pepala la kuchipatala silinena ndi mmene mungakanire chikho m'nyumba ya eni. Achemwali anayamba ndi kufotokoza za opaleshoni, koma zinkangoutsa mafunso ndi malangizo a aliyense. Pano amangoti, "Zikomo kwambiri mayi, adokotala anandiletsa za shuga, mungondipatsako madzi otentha, masamba ndili nawo," n'kutulutsa kapaketi ka rooibos m'chikwama. Mawu akuti adokotala amatseka pakamwa pa aliyense, ndipo mwini nyumba amasangalala kuti waperekabe kanthu.

Apongozi awo sanasiye kutumiza maheu. Masiku ano amatumiza m'kabotolo kakang'ono, osefa ndi kansalu, opanda shuga, ndi uthenga woti awa ndi a tsiku lomwelo. Achemwali amamwa theka la kapu Lamlungu masana, otsalawo ana amathira shuga n'kumaliza. Fanta zija amalume anamwa okha, botolo limodzi ulendo uliwonse womwe anabwera kudzazonda.